Pafyumu wa a Lazarus

A Eugene anali atagawa kale malaya ndi nsapato za malemu mkulu wawo, a Lazarus, pamene dzanja lawo linakhudza botolo lobiriwira pansi pa sutukesi. Analitsegula, nanunkhiza, natsinzina.

"Uyu ndiye pafyumu," anatero. "Amayamba ngati ndimu, kenako amakhala ngati chikopa chatsopano, mpaka dzuwa kulowa. Atate athu ankadzola yemweyu. Wa anyamata a lero amanunkhira ngati maswiti, pofika masana watha. Ndipita naye ku Lusaka. Kuno ku Feira angalimbane ndi fungo la nsomba?"

A Exildah, mkazi wa malemu, anali pamphasa chiyambire m'mawa. Njinga inatengedwa akuona. Maukonde nawo anapita. Koma apa anatambasula dzanja.

"Alamu, botolo limenelo lisiyeni."

"Mudzola ndinu? Mwambo mukuudziwa. Za mwamuna zimapita kwa abale ake."

"A Lazarus sankadzola okha," anayankha a Exildah. "Funsani amuna a ku Kavalamanja ndi kwa Mphuka. Wopita kukafunsira mbeta, wopita kukafuna ntchito ku boma, ankayamba wadzera pakhomo pano kuti amudzoze. Likatha, ankaitanitsa lina. Ku Lusaka likangokhala pashelefu."

A Eugene anaseka, nayang'ana amuna amene anakhala pakhonde kuti awathandize kuseka. Palibe anaseka. M'malo mwake anaimirira a Langford, msodzi wa imvi amene mkazi wake anamwalira kalekale, chipewa chili m'manja.

"Ndimaopa kunena pamaliro," anatero. "Lero ndikuwoloka kupita ku Zumbo, kukaonekera kwa abale a Josefina, amene ndikufuna kumukwatira. Malemu anandilonjeza pafyumuyu. Anati, Langford, usakafike kwa eni ake ukununkha bwato."

A Eugene analiyang'ana botolo lija kwa kanthawi. Kenako analiika m'dzanja la alamu awo, nayamba kupinda buluku lomwe linali lopindidwa kale.

A Exildah anadzuka. Anachita monga ankaonera amuna awo akuchita: anadontheza pang'ono m'manja, natikita, nasisita a Langford m'khosi mbali zonse ziwiri. Anawawongolera kolala. Kenako anawagwira mapewa, nawatembenuzira kunjira ya kudoko, nawakankha pang'ono pamsana.

"Weramukani," anatero. "Mukakafika, osayang'ana pansi."