Shawa ya kwa a Prosser

Shawa ya kwa a Prosser sinkatulutsa madzi, inkangodontha. Munthu ukaima pansi pake unkachita kuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira kuti timadzito tikupeze paphewa, kenako kumsana. Bethan anakula akudziwa kuti shawa ndi momwemo. Akafuna kutsuka tsitsi ankatenga jagi ya kukhitchini n'kumatunga madzi m'sinki. Bambo ake, a Gwyn Prosser, ankati madzi othamanga ndi a anthu a mumzinda wa Cardiff, kuno ku Treherbert munthu amasamba modekha.

Chisanu chitangoyamba, bambowo anagwa ndi sitiroko akuchokera kogula buledi. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka, pakamwa panapotoka, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati akuwazula m'matope. Bethan anali atangomaliza kumene sukulu. Amayi ake anamwalira iye ali ku pulayimale, choncho m'nyumbamo ankakhala awiriwo basi.

Patapita miyezi, kuchipatala kunabwera mayi Rowlands, amene ntchito yawo inali kuona ngati wodwala angathe kukakhala kwawo. Anakhala m'mbali mwa bedi, Bethan ataima kumiyendo atapinda manja m'juzi.

"Bambo Prosser, kuyenda ndi ndodo mwayamba, kudya mukudya nokha," anatero mayiwo. "Chatsala ndi kusamba. Mwana wanuyu wandiuza za shawa yanu. Ndi dzanja limodzi simungathe kudzitsukuluza ndi madzi odontha. Ndiye kuti iyeyu azikuthirirani ndi jagi."

"Ayi."

Liwu limeneli linatuluka lathunthu, losapotoka, moti ngakhale wodwala wa bedi linalo anatembenuka.

"Palibetu chochititsa manyazi. Ana ambiri amatero."

"Mwana... wamkazi. Wanga. Ayi."

Anthu oyenda m'makomo kukasambitsa odwala analipo, koma owadikirira anali ambiri, mwina mpaka chaka chamawa. Chimene chinalipo msanga chinali bedi ku nyumba yosungirako odwala kuseri kwa phiri, kumene basi sifika kawirikawiri. Mayi Rowlands atatchula zimenezo, bambowo anagwedeza mutu kuvomera, maso ali kukhoma.

Bethan sanali munthu woyankhula pagulu. Kusukulu aphunzitsi ena anamaliza chaka osadziwa mawu ake. Koma apa pakamwa panatseguka pokha.

"Nanga shawayo itakonzedwa?"

Mayi Rowlands anamuyang'ana kwa kanthawi. Kenako anati Lachisanu awabweretsa bambowo kunyumba kudzayesa. Akasamba okha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, atsala kwawo. Akalephera, bedi lija silingadikire.

A Idris Howells, pulambala amene ankaimba kwaya limodzi ndi bambo ake, anafika m'mawa mwake mvula ikuwaza, chikwama cha zitsulo chikulira m'manja.

"Mwana wa Gwyn! Watalika liti chonchi? Akumakuthira feteleza?"

Bethan anangoyang'ana pansi, makutu akutentha, n'kuthawira kukateleka tiyi.

A Idris anayamba ndi mpopi wa kukhitchini. Atautsegula, madzi anamenya sinki mpaka kuwathovukira pamimba. Anakwera kubafa, n'kutsegula mpopi wa kumeneko, madzi n'kumatsika mwaulesi. Anamasula mutu wa shawa, n'kuupenyetsetsa pawindo, n'kuupemerera, koma timabowo tonse tinali totseguka.

"Bwera uone, mwanawe. Wa kukhitchini uja ukuchokera mupaipi ya mumsewu, n'chifukwa chake ukulusa. Wa kubafa kuno ukuchokera m'thanki ya m'denga. Thankiyo ili pamwamba pa mutu wako pomwepa, ndiye madzi athamangira kuti? Munthu wogwa pampando sathyoka khosi. Pafunika pampu yoti iziwakankha."

M'kabati ya giza, momwe ankaumitsiramo matawulo, anapezamo valavu yakale ya kagudumu kofiira. Ataipotokola, kagudumuko kanangozungulira osagwira kanthu.

"Ameneyu anamwalira kalekale, akungodikira maliro," anatero. "Wafa atatseka njira theka."

Tsiku lonse linathera m'kabatimo. Anatseka madzi, anakhuthula mapaipi, anadula valavu yakufayo n'kuikapo zatsopano za chogwirira, zoti ngakhale dzanja limodzi litha kutseka. Pampu anaikhazika pansi pambali pa giza, pa kampira kuti isamanjenjemeretse nyumba. Ankagwira ntchito akung'ung'udza nyimbo ya maliro ya kukwaya, kenako akazindikira ankasiya, n'kuyang'ana ngati Bethan wamva. Anali kumva.

Chakumadzulo anamuitana. Atatsegula shawa, pampu inalira pansipansi ndipo madzi anaomba khoma ngati mvula yamkuntho. Nthunzi inadzaza bafa.

"Ukamuuze Gwyn agwire katsitsi kake kotsalako, kangapite ndi madzi!" anaseka a Idris. Anatseka, anapukuta m'manja, anamaliza mabisiketi onse a m'mbale n'kumapita.

Bethan anatsala ataima pakhomo la bafa. Mpando wapulasitiki umene achipatala anatumiza unali kale pansi pa shawa. Anauyang'ana, kenako anatseka chitseko ngakhale m'nyumbamo munalibe wina. Anafuna kudziwa momwe zidzakhalire kwa bambo ake. Anakhala pampandopo, dzanja lamanja analigoneka pantchafu n'kuliuza mumtima kuti lafa, ndipo anatsegula madzi ndi lamanzere.

Zonse zinatenga nthawi. Botolo la sopo analitsegula ndi mano. Kuti afike kumsana anachita kupendekeka mpaka mpando unatsala pang'ono kumugwetsa. Kansalu kanagwa, ndipo kukatola osagwiritsa mwendo wakumanja inali ntchito ina payokha. Atangodzola sopo kumutu, kulira kwa pampu kunasintha. Inayamba kukuwa ngati galu wopondedwa mchira. Madzi anatsokomola, analavula mpweya, analavulanso, n'kuleka.

Anakhala pomwepo, sopo akumuwawa m'maso, kuzizira kukumulowa m'mafupa. M'maganizo anawaona bambo ake atakhala chimodzimodzi, thovu lili thupi lonse, mayi Rowlands akudikira pamasitepe. Akanayenera kuitana, ndipo iye akanabwera ndi jagi. Koma ankawadziwa bambo ake. Sakanaitana. Akanakhala mpaka kuuma ndi sopoyo, kenako n'kupempha kuti galimoto iwapititse kuseri kwa phiri.

Foni ankaiopa kuposa mayeso. Mawu oti anene anawabwereza kangapo asanaimbe.

"Yaleka bwanji?" anakuwa a Idris. "Si ndinaiyesa ndekha iwe ukuona?"

"Munaiyesa kanthawi kochepa," anatero Bethan. "Adadi sadzasamba kanthawi kochepa."

Pafonipo Bethan anamva wailesi ikulira kunyumba kwa a Idris.

"Ndibwera kukacha, mwana wanga."

Kutacha anabwera ndi makwerero. Dzulo, anavomera okha, anangosuzumira pachibowo cha siling'i, n'kuona kuti thanki ndi yaikulu, n'kuti basi, chifukwa maondo awo sagwirizana ndi madenga. Ulendo uno analowa thupi lonse, akubuula ndi kutukwana mitanda. Bethan anakwera pambuyo pawo. M'dengamo munkanunkha fumbi ndi chinyezi, ndipo njinga yake yaubwana inali itagona pakona.

A Idris anavundukula chivindikiro cha thanki n'kuunika ndi tochi. M'mbali mwa thankiyo munali mzere wakuda kumtunda, pamene madzi ankafika kale. Koma madzi enieniwo anali kutali pansi, osafika ndi theka lomwe. Kampira koyandama kamene kamatseka madzi thanki ikadzaza kanali kumapeto kwa mkono wamkuwa, ndipo mkonowo unali wopindikira pansi ngati chogwirira cha ambulera.

"Gwyn, Gwyn, Gwyn," anatero a Idris. "Mbuzi ya munthu iwe."

Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunapite patali. Anakhala pamtanda n'kupukuta kumaso.

"Amuna onse a msewu uno ndi momwemo, ndi ine ndemwe kwathu. Karabala ka m'valavu kakatha, thanki imasefukira, madzi n'kumadontha pa kapaipi ka kunja. M'malo mosintha karabalako, munthu amangokwera kuno n'kupinda mkonowu kuti madzi azitsekeka msanga. Chaka chamawa yayambanso kudontha, apindanso. Bambo ako akuoneka kuti anapinda kwa zaka zambiri. Shawa yodontha ija sinkatha madziwa, ndiye palibe ankadziwa. Pampu yangayi yawamwa onse, kenako yayamba kumwa mpweya."

Bethan anagwira mkonowo. Panali timabala ta pulayala pamene bambo ake ankagwira. Anaganiza za dzanja limene linapinda chitsulo chimenechi, lomwe tsopano linkalephera kugwira supuni, ndipo anachotsa lake msanga.

Anatuluka kuseri kwa nyumba kukaona kapaipi kosefukirako. Kanatulukira pansi pa denga, pamwamba penipeni pa khomo la mayi Glenys, oyandikana nawo, amene pa nthawiyo ankatulutsa zinyalala atavala masilipasi.

"Idris Howells! Ukandidonthezeranso madzi pakhomo panga ndikuthyola miyendo. Ndinalimbana ndi Gwyn zaka ndi zaka pa nkhani imeneyi."

"Ukanandilola muja ndinkakufunsira, Glenys, bwenzi ukukhala m'nyumba yosadontha."

"Iwe? Mkazi wako amachita kutchera ndowa pabalaza, tonse timadziwa!"

Kenako mayiwo anaona Bethan ataima kuseri kwa bamboyo, ndipo mawu awo anatsika.

"Abwera liti bambo ako, mwanawe?"

"Lachisanu. Mwina."

"Ngati n'kudontha, kudonthe," anatero mayi Glenys. "Bola abwere."

A Idris sanawongole mkono wakalewo. Anachotsa valavu yonse n'kuika yatsopano, ndipo anakhala m'dengamo mpaka thanki inadzaza kufika pa mzere wakuda uja n'kutseka yokha. Anatulutsa mpweya m'mapaipi, kenako anatsegula shawa n'kuisiya ikuthira, iwo atakhala pamasitepe, osaimba, osaseka, kufikira madzi otentha anayamba kuzirala. Pampu sinasinthe mawu.

Lachisanu bambo ake anafika pa galimoto ya mayi Rowlands, ataonda, jekete likuwalendewera. Masitepe anakwera okha, dzanja lamanzere pachitsulo, mwendo wakumanja ukukokedwa pambuyo. Pakhomo la bafa anaima n'kupuma. Mayi Rowlands anawasonyeza pogwira ndi potsegulira madzi, n'kunena kuti chitseko chisakhomedwe.

Bambowo anayang'ana Bethan.

"Panja," anatero.

Chitseko chinatsekeka. Bethan anakhala pansi pakhonde lam'mwamba atatsamira kabati ya giza, mayi Rowlands atakhala pasitepe yomaliza. Panapita nthawi yaitali kusanamveke kanthu. Ankadziwa kuti ndi mabatani a malaya. Kenako pampu inayamba kulira kumsana kwake, ndipo ankaimva m'nthiti.

Madzi anathira, anathirabe. Mayi Rowlands anayesa kumufunsa zimene akufuna kudzaphunzira, iye anayankha zosamveka, khutu lili pa pampu. Nthawi iliyonse imene kulira kwa pampuyo kunkamveka ngati kwakwera, ankatembenukira kuchitseko.

Mwadzidzidzi m'bafamo munagwa chinthu, phokoso lalikulu. Bethan anadzambatuka, dzanja lili kale pachitseko. Mayi Rowlands anamugwira pachigongono.

"Adadi?"

Madzi okha.

"Adadi, muli bwino?"

"Botolo," anayankha mawu aja, pang'onopang'ono. "Khala... pansi."

Anakhala. Madzi anapitirira kuthira mpaka pamene bambowo anawatseka okha.

Atatuluka, tsitsi linali litaima, juzi atavala chakumbuyo, ndipo kuseri kwa khutu lakumanja kunali kathovu kotsala. Bethan anakaona. Dzanja lake linanyamuka lokha kuti likapukute, koma analibweza. Bambowo ankapuma mwamphamvu ngati munthu wochokera kuphiri, maso ali gwa pa mayi Rowlands.

Mayiwo anasuzumira m'bafa, anayang'ana mpando, anayang'ana bambowo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chabwino, bambo Prosser," anatero. "Ndikaimbira kuseri kwa phiri kuti bedi lija apatse wina."

Bambowo anangotembenuka n'kuyamba ulendo wopita kuchipinda chawo, ndodo ikugogoda pansi.

M'bafamo madzi anali ponseponse, pansi, pagalasi, mpaka pa pepala la kuchimbudzi. Malaya akuchipatala anali pakona atanyowa. Bethan anatenga chokolopera, anatseka chitseko, ndipo anakolopa nthawi yaitali kuposa imene pansipo pankafunika.