Mpata wa pa Benchi la Kutsogolo

Chisamukireni m'tauni yachilendo, makaniko wina sankakhazikika pa Misa. Ankakhala chakukhomo, maso ali panja, ndipo akangolandira Ukaristia ankatuluka osadikira dalitso. Akanatsalira ndani, poti panalibe womudziwa?

Lamulungu lina anachedwa, napeza kumbuyo kwadzaza. Wolandira anthu anamulozera kutsogolo, iye n'kudziponya pa mpata umene anauona, pambali pa mayi ena achikulire. Anthu anayamba kucheuka, ena kumatsinana. Kodi ndi girizi wa m'zikhadabozi? Anabisa manja m'thumba, kuwatulutsa, kuwabisanso, uku akuyeza ndi maso kutalika kwa khomo.

Itakwana nthawi yopatsana moni wa mtendere, anati apa ndiye pothawira. Koma mayi aja anamugwira dzanja osalisiya.

"Pamenepa pankakhala malemu amuna anga," ananong'ona. "Chimwalirireni, anthu amapalambalala ngati pali minga."

"Pepani mayi, sindimadziwa. Ndisuntha."

"Musunthe mupite kuti? Sabata yamawa mufulumire, mwana wanga. Ine ndatopa kupereka mtendere kwa benchi."