Malasha Amene Azakhali Anakana

Dasom analowa ntchito ndi kabodza kakang'ono. Tsiku lomufunsa mafunso, bwana Bang ataona papepala kuti kwawo ndi ku Dogye, anamenya tebulo ndi chimwemwe.

"Mwana wa kumgodi! Ndiye malasha umawadziwa bwino, eti?"

"Eee," anatero Dasom, maso ali pansapato.

Chibadwire anali asanagwirepo malasha. Bambo ake ankayendetsa takisi, ndipo nyumba yawo ankaitenthetsa ndi mafuta. Kusukulu ku Seoul anzake akamufunsa kwawo ankangoti "chakunyanja," n'kusintha nkhani. Koma "eee" anali atatuluka kale, ndipo anamulemba miyezi itatu yoyeserera.

Kampaniyo inali ya anthu atatu, m'chipinda chapamwamba pa sitolo ya nsapato ku Donghae. Ankamanga mgodi wa m'kompyuta woti alendo azikauona pa sikirini yaikulu kunyumba ina yosungiramo zakale. Namgi, mnyamata wa pakamwa posatseka, ankapanga ngolo ndi njanji. Dasom anapatsidwa malasha.

Pantchito imeneyi kuwala sakujambula ndi dzanja. Umangouza kompyuta mmene chinthu chilili: kuda kwake, kukhakhala kwake, timing'alu ndi timabampu take. Ukatero umayatsa nyale ya m'kompyutamo, kuwala n'kumagwa monga kumagwera kunja kuno. Ukaiuza zoona imaonetsa zoona. Dasom ankaikonda chifukwa cha chimenecho, ngakhale kuti akaganizira bwino zinkamuchititsa manyazi.

Loweruka lina anakwera sitima kupita kwawo osauza munthu. Kuseri kwa mgodi wakale kuli phiri lakuda bii, ndipo iye anakwerako ndi chikwama cha kusukulu. Anasankha chibulumwa chokongola kuposa zonse, cholemera bwino, cha timizere ngati masamba a buku. Anachijambula zithunzi mazana atatu, uku akuchitembenuza pang'onopang'ono pa mbale yozungulira. Masabata atatu anathera pamenepo. Chitaoneka pa sikirini, bwana Bang anachita kuvula magalasi.

"Mwaona? Magazi sanama!"

"Mfumukazi ya malasha," anatero Namgi akugwada mwachipongwe. "Tipempheko madalitso, mayi."

Tsiku lokaonetsa ntchitoyo kwa eni nyumba yosungiramo zakale ija linali Lolemba. Lachinayi masana, amuna onse atapita kokadya, Dasom anamva munthu akupuma mwaphuma pamasitepe. Anali azakhali ake a Malsun, mlongo wa bambo ake, atanyamula jumbo ya chimanga chophika. Mayi ameneyu anaima zaka makumi awiri ndi ziwiri pa lamba wa kumgodi, malasha akudutsa, iye n'kumatola miyala yosakanikirana nawo n'kumaitaya.

"Ndiye kuno n'kumene ukuwondera? Masitepe ngati tikupita kumwamba! Idya. Ndione chimene bambo ako akudzitama nacho pa siteji ya matakisi."

Dasom anatembenuza sikirini. Chibulumwa chija chinali kuzungulira mwaulemu pansi pa nyale.

Dzanja la azakhali linauluka lokha. Phaa! Sikirini inapendekeka, Dasom n'kuiwakha isanagwe.

"Azakhali!"

"Pepa, mwana wanga, dzanja lazolowera. Mwala uwo."

"Ndi malasha."

"Ndi mwala. Waupeza kuti?"

"Paphiri lakuda, kuseri kwa mgodi."

Azakhali anakhala pampando wa Namgi, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anapukuta misozi ndi mpango, kuyang'ana sikirini, n'kuyambanso.

"Iwe Dasom! Phiri lonse lija n'zimene tinataya ife! Mwina umenewu ndinautaya ndine ndemwe, pano wanditsatira mpaka mu kompyuta."

Dasom anayang'ana kukhomo.

"Musauze munthu, chonde."

"Pakamwa panga ndasoka. Koma dzanja ili sindilonjeza. Ndipo tilipo khumi ndi awiri otsala a pa lamba, tonse tikukonza zodzaona mgodi wakowu akautsegulira. Sikirini yawoyo aimange ndi unyolo."

Nthawi yomweyo bwana Bang ndi Namgi analowa akutokosa m'mano. Atauzidwa kuti mayiwo ndi ndani, bwana anawerama kawiri.

"Mayi, mwalera katswiri. Mwaona malasha ake?"

"Ndaona," anatero azakhali, n'kuluma chimanga mwachangu kuti pakamwa pakhale ndi chochita.

Dasom akanatha kungokhala chete. Bwana sakanadziwa, Namgi sakanadziwa, ndipo miyezi itatu ikanatha asanatulukire aliyense. Koma anaganiza za amayi khumi ndi awiri ataima kutsogolo kwa sikirini yaikulu, manja atawapanikiza m'khwapa kuti asamuchititse manyazi. Anaimirira.

"Bwana, awa si malasha."

"Wati chiyani?"

"Ndi mwala. Ndinautola pamene amataya." Mawu ankatuluka ang'onoang'ono, koma anapitiriza. "Ine malasha sindiwadziwa. Sindinawagwirepo. Tsiku lija ndinangovomera."

Namgi anatsegula pakamwa, azakhali n'kumuikamo chimanga.

Bwana Bang anakhala nthawi akuyang'ana sikirini. Kenako anatembenukira kwa azakhali.

"Mayi, mwala weniweniwo munauona? Munaugwira?"

"Ndiugwiriranji? Si uwo ukuzungulirawo? Onani timizereto, onani mmene wafumbulukira. Malasha akasweka amanyezimira ngati phiko la khwangwala. Uwu uli ngati nkhope ya malemu amuna anga Lolemba m'mawa."

"Ndiye kuti mwauzindikira pa sikirini pokha." Bwana anakanda m'mutu. "Dasom, sindikudziwa ngati ndikuchotse ntchito kapena ndikuyamikire. Masabata atatu wapanga mwala wabwino kuposa yonse m'dziko muno, ndipo palibe amene anauitanitsa." Anapumira m'mwamba. "Mvera. Lamulungu masana ndikufuna malasha. Woweruza ndi azakhali akowa. Akakana, Lolemba usavutike n'kukwera masitepe."

Mawa lake azakhali anabwera ndi kamtolo kokulunga m'nsalu ya silika. Munali chibulumwa cha malasha chimene anatola pa lamba tsiku lawo lomaliza, chomwe chinkakhala m'kabati ya magalasi pambali pa chithunzi cha ukwati. Dasom atachinyamula anadabwa kupepuka kwake, ndipo zala zinada nthawi yomweyo. Anaziyang'ana kanthawi asanazipukute.

Malasha enieni anali ovuta. Kamera inkasokonezeka ndi kunyezimira, kompyuta n'kumatulutsa chinthu chamabowo ngati chinkhupule. Zambiri anachita kukonza ndi dzanja, azakhali atakhala pambali pake n'kumalamula.

"Wanyanya! Tsopano akuoneka ngati nsapato ya msilikali. Bweza."

Dasom anaonjezera kukhakhala.

"Aaa, ndiye waapha. Awo ndi makala ootchera nyama. Sanyezimira paliponse, iwe. Apa pawale, apa pakane. M'ming'alumo ika fumbi."

"Azakhali, munaphunzira kuti zimenezi?" anafunsa Namgi.

"Kusukulu yomwe iwe sukanatha sabata. Ngolo yakoyo matayala ake ndi oyera ngati mbale za mpongozi."

Namgi anabwerera pamalo pake mwakachetechete n'kuyamba kudetsa matayala.

Loweruka azakhali anadandaula kuti nyale ya m'kompyutamo ikuwala ngati m'chipatala. Pa lamba panali babu limodzi lachikasu, lopachikidwa m'mwamba, lokutidwa ndi fumbi. Dasom anazimitsa nyale zake zitatu zokongola n'kusiya imodzi yofooka. Pamenepo timbali tosalala tinayamba kuthwanima kamodzikamodzi chibulumwa chikamatembenuka, ndipo azakhali anasiya kulankhula kwa mphindi yathunthu, chinthu chimene Dasom anali asanachionepo.

Lamulungu masana bwana Bang anabwera atavala zokwerera mapiri. Anauza Dasom kuti aike zibulumwa pa lamba wa m'kompyuta, malasha atsopano kusakaniza ndi mwala wake uja. Namgi anagwira sikirini mbali zonse ziwiri.

Lamba anayamba kuyenda. Mwala utatulukira, phaa! Namgi anadzandira. Wina, phaa! Kenako kunabwera malasha okhaokha. Dzanja la azakhali linanyamuka, linaima m'malere, n'kubwerera pamiyendo. Zibulumwa zinayi zinadutsa, dzanja lili phee.

"Imitsa," anatero azakhali.

Anasendera pafupi, n'kusisita chibulumwa chomaliza ndi zala ziwiri pagalasi. Kenako, osaganiza, anapukutira zalazo pathalauza.

"Mwapukutanji, mayi?" anafunsa bwana.

Azakhali anayang'ana zala zawo zoyera mbee, n'kuyang'ana Dasom mokwiya.

"Mwana wopanda ulemu iwe. Kupusitsa munthu wamkulu?"

Bwana Bang anatola chikwama chake akuseka. "Dasom, mawa naini koloko. Mwala wakowo usaufufute, ukhala pa lamba pomwepo, alendo aziyesa okha kusankha. Namgi, imbira anthu osunga zakale aja, uwafunse ngati sikirini yawo ndi yolimba."