Kamota ka Daisy

Diresi la kutchalitchi linapita kwa msuweni wake, nsapato kwa mwana wa azakhali, ndipo pa mkeka panatsala loboti yokha. Linali tsiku logawa katundu wa malemu Daisy. Achibale amene pa zovala sankachedwa kutambasula manja, pa chinthu ichi anangoti maso pansi. Ndani akanafuna kabokosi ka pulasitiki, mawaya ali balala, matayala a zitsekerero za mabotolo ndi dzanja limodzi lolendewera?

A Fabiano, bambo ake a Daisy, anati aisiye pomwepo, akaiponya okha m'chimbudzi.  Chiikireni maliro akazi awo, a Teleza, ankangokhala pakhonde la nyumba ya esiteti, osayankhula, maso ali ku minda ya tiyi kumene amathyola.

Anthu akubalalika, anafika a Chawanangwa, mphunzitsi wa sayansi wa Daisy. Anakhala pansi n'kupepesa, kenako anafotokoza chimene anabwerera. Mpikisano wa maloboti a ana asukulu unali Loweruka ku Blantyre, ndipo gulu la Daisy linalibe loboti ina. Masukulu a anthu opata amabwera ndi zipangizo zogula kunja, china chikapsa amangotsegula katoni n'kutulutsa chinzake. Ana a pa sukulu yoyendera ya Daisy ankachita kupempha zotsala kwa okonza mawailesi. Ndicho chinamutengera Daisy ku Bvumbwe, kukafuna kamota ka m'makina a DVD akufa kuti dzanja la loboti liziyenda. Pobwerera, lole inagunda kabaza amene anakwera. Kamotako kanapezeka m'thumba la siketi yake, ndipo achipatala anakapereka kwa bambo ake.

"Ndiye mwabwerera kamota, aphunzitsi?" anafunsa a Fabiano.

"Eya, bambo. Manyazi ndili nawo."

"Mukapambana?"

"Sindikunamizani. Chaka chatha tinali omaliza."

A Fabiano anaseka, kuseka kowawa. Anati iwo amasesa m'nyumba za mabwana a pa esiteti, amadziwa zimene ana akumeneko amaseweretsa n'kutaya. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kamotako, kakang'ono ngati chala cha khanda. Anali akuyenda nako masiku onsewo, ngakhale kumanda.

"Mwana wanga wafera chinthu chimene anzake amataya m'bini," anatero. "Mukufuna anthu akamusekenso ali m'manda?"

Mphunzitsi uja anayamba kudzuka kuti atsanzike. Apa m'pamene a Teleza anatsegula pakamwa. Mawu awo anali osasa chifukwa cha kulira.

"Apatseni, bambo a Daisy. Ndikufuna ndione chimene anafera."

A Fabiano anaika kamotako pa mkeka, osafuna kukhudza dzanja la mlendoyo. A Chawanangwa anagwada n'kukalumikiza, kenako anaika kamwala patsogolo pa loboti. Inalira pang'ono, inayenda chokwawa, n'kuima. Dzanja lija linatsika. Silinagwire kamwalako kuchokera pamwamba monga aliyense akanayembekezera. Linazungulira cha m'mbali, linalowa pansi, linatsina, kenako linapotokola ngati likuthyola chinthu.

A Chawanangwa anayamba kupepesa. Anati kagwiridwe kameneka kamachedwetsa, ndipo oweruza akadula nako mamalikisi. Anamuuza Daisy mobwerezabwereza kuti asinthe, koma mtsikanayu anali ndi liuma, ankangoyankha kuti umu ndi mmene munthu wodziwa ntchito amagwirira. Analonjeza kuti Loweruka lisanafike alikonza dzanjalo.

A Fabiano sankamva zimenezo. Maso awo anali pa dzanja lamanja la akazi awo. Chala chachikulu cha a Teleza chinauma kalekale, mpeni wodulira tiyi utawatema, ndipo kuyambira pamenepo anaphunzira kuthyola mwa okha, kulowa cha m'mbali, kutsina ndi zala ziwiri, n'kupotokola. Akapitawo ankawanyoza nako. Daisy, pa tchuthi, ankakhala m'mphepete mwa munda n'kumawayang'ana, ndipo makolo ake ankayesa ulesi.

Bambo uja anaphimba nkhope ndi chipewa n'kulira mokweza, kulira kumene anakubisa pa maliro ponse. Chinamupweteka kwambiri n'chakuti mwanayu ankapanga zimenezi m'nyumba mwake momwe, iye n'kumamukalipira kuti akudzaza zinyalala.

A Teleza anasendera pafupi. Anatenga nsonga ya chitenje chawo n'kupukuta fumbi pa zala za loboti, chimodzichimodzi. Kenako anainyamula ndi manja awiri n'kuipereka kwa mphunzitsi.

"Pitani nayo," anatero. "Koma dzanjalo musalikonze."