Kampando ka Mwendo Waufupi

Chaka chimene thambo linapsa, moto unasiya kumvera anthu. Machesi ankangothetheka n'kuzima. Nkhuni zouma bwino zinkangolilima kamodzi ngati udzu, osasiya ngakhale khala limodzi. Moto wotsala unali wakale wokha, umene anthu ankayenda nawo m'mbaula, ndipo unkadya chinthu chimodzi basi: katundu amene mwini wake amamukonda. Ukaponyamo chinthu chotero, moto unkakhala sabata, mwina awiri. Koma utsi wake unkapita ndi zonse zimene chinthucho chinkakukumbutsa. M'mawa mwake unkadzuka m'mutu muli mbee, ngati nyumba imene eni ake asamukamo.

Popanda moto panalibe ulendo. Nkhungu inkalondola anthu pamsewu, ndipo amene yamupeza alibe moto ankakhala pansi osadzukanso.

N'chifukwa chake apaulendo anali ndi lamulo lawo. Usanawotche chako, unkasankha mnzako n'kumufotokozera nkhani yonse ya chinthucho. Iyeyo ankakhala wokusungira. M'mawa uliwonse, ulendo usanayambe, ankakubwerezera nkhani yakoyo kuti usasanduke chitsa. Munthu mmodzi ankasunga nkhani imodzi yokha, kuopa kuzisakaniza.

Kalipentala ankaona lamuloli ngati uchitsiru. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Munthu amene sungamubwereke sowo yako, ungamusungitse bwanji mkazi wako?

Pagulu lawo anatsala anayi ndi khanda. Anamwino ndiwo ankanyamula mbaula. Panali mayi wachitsikana amene ankangomutcha Amake Mwana. Panali Kalipentala, ndiponso mlamu wake, mlongo wa malemu mkazi wake, munthu wa pakamwa posauma amene ankatha kuseka ngakhale pamaliro. Ankapita kuseri kwa mapiri, kumene anthu ankati machesi akuyakabe. Kalipentala sankakhulupirira zimenezo, koma kukhala pamodzimodzi kunalinso imfa.

Kumsana kwake ankabereka kampando ka matabwa, komanga ndi chingwe chopingasa pachifuwa. Mwendo wake umodzi unali waufupi. Anali atakabereka zaka zitatu. Mlamu wake ankamuseka kuti mwana ameneyu sakula bwanji, kodi akumuyamwitsa mokwanira, ndipo Kalipentala ankangolavula malovu pambali. Kanali kampando ka Nasingano, mkazi wake, kamene ankakhalira posoka zovala pamakina.

Onse anali atawotchapo zawo kupatula iye. Anamwino anapereka chithunzi cha ana awo, Amake Mwana jekete la mwamuna wawo, ndipo azimayi awiriwo ankasungirana nkhani. Miyezi iwiri yapitayo, pa mlatho wakugwa, mlamu uja anawotcha gitala yake n'kusankha Kalipentala kuti amusungire. Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse, Kalipentala ankanena mawu omwewo akumanga nsapato, osadzutsa mutu: kuti mlamuyo anali ndi gitala, kuti ankaimba m'mabala, ndipo anthu ankangomupirira. Mlamuyo ankaseka n'kunena kuti ndiye kuti moto unathandiza dziko. Kenako ankayang'ana nsonga za zala zake zolimba zija kwa kanthawi, n'kunyamula thumba.

Chimene Kalipentala sankanena n'chakuti munthuyo ankaimba ngati wotumidwa. Loweruka masana akabwera kunyumba kwawo n'kukhala pakhomo ndi gitalayo, Nasingano ankaimitsa makina, n'kuchotsa mapini pakamwa, n'kuyamba kuimba naye. Nkhope imene ankakhala nayo nthawi imeneyo mwamuna wake sanaipatsidwepo. Ndipo tsiku lomaliza, mayiyo ali gone pamphasa mpweya ukuvuta, sanaitane mwamuna wake. Anapempha nyimbo. Anatsirizika mlongo wake akuimba, Kalipentala ataima pakhomo ndi kapu ya madzi imene palibe anaifuna. Zimenezi zinali zitamuolera mumtima, ndipo atapatsidwa nkhaniyo kuti asunge, anaisunga ngati mmene galu amasungira fupa.

Anafika pa depoti ya mabasi dzuwa litapendeka. Mabasi anali ndandanda pabwalo, matayala ataphwa, mawindo atachita fumbi. Analowa mu ofesi yodulira matikiti, chipinda chopapatiza cha mabenchi achitsulo ndi kawindo ka mawaya. Pakhoma panali bolodi la nthawi zonyamukira, manambala ake atafufutika. Anamwino anaika mbaula pansi, n'kuvundukula, n'kuchotsa phulusa ndi supuni. Munatsala makala atatu, ofiira pang'ono ngati maso a munthu wodwala. Kumapeto kwa msewu umene anadzera, nkhungu inali itaima kale, yoyera, yosafulumira.

Palibe anayang'ana Kalipentala, ndipo kusamuyang'anako kunamupweteka kuposa mawu. Anatulutsa hamala yake, n'kugulula mpini wake, n'kuuponya pamakala. Anati hamala imeneyo wagwira nayo ntchito zaka makumi atatu. Mpiniwo unalilima n'kutha asanatsirize kulankhula. Anamwino anangoti moto sunamizidwa, bambo, ndipo anamunyalanyaza dala akuuzira makalawo.

Amake Mwana anayamba kumasula kachibangili ka mikanda kamene kanali pamkono pawo. Onse ankadziwa kuti kanali ka mwana wawo woyamba, amene anatsala panjira. Mfundo yake inkakana kumasuka.

"Siyani zimenezo," anatero Kalipentala mwaukali, ngati mayiyo wamulakwira. "Alamu, tiyeni panja."

Analowa m'basi imodzi yakufa n'kukhala pamipando yong'ambika, wina uku wina uku. Wosungira amene anatsala wopanda nkhani anali mlamu yekhayo. Kalipentala ankadziwa bwino mmene wosungira amabera, popeza iye mwini anali mbava ya mtundu umenewo. Ankadziwanso china: kampando kakapsa, Nasingano apita yense, pamodzi ndi Loweruka lija ndi tsiku la kapu ya madzi. Akapanda kunena lero, sipadzakhalanso munthu padziko wodziwa.

Ndiye ananena. Sanakometse. Anati gitala ija sinali ya m'mabala mokha, anati anthu ankasiya njinga pamsewu kuti amvetsere, anati mlongo wakeyo ankaimitsa makina. Anafotokoza za tsiku lomaliza, ndi nyimbo imene mayiyo anapempha, ngakhale iye sankatha kuiimba. Anayesa mzere umodzi ndi mawu ake a khwangwala, n'kusiya.

Mlamuyo sanaseke. Anatambasula dzanja lake lamanzere n'kuliyang'ana ngati la munthu wina.

"Ndiye mwandibera mlongo wanga miyezi iwiri, alamu."

"Ndakuberani."

"Tsono mukufuna ndikusungireni mkazi wanu."

"Palibenso wina."

"Mukanati mumandikhulupirira, ndikanakana," anatero mlamuyo, akupukuta mphuno ndi mkono wa malaya. "Yambani. Dzuwa silikudikirani."

Kalipentala anaika kampando pamiyendo pake n'kuyamba. Anati anakapanga ali mnyamata, m'shedi ya abwana ake, tsiku limene mtsikana wina anaima pakhomo kudzafunsa ngati angamupangire pokhala posoka. Anayeza miyendo maso ali pakhomo, ndipo umodzi anaudula mopitirira. Atazindikira anachita manyazi n'kufuna kupanga kena, koma mtsikanayo anangopinda kansalu n'kuika pansi pa mwendowo. Atakwatirana, chaka chilichonse ankati akakonze, ndipo mayiyo ankayankha kuti tsiku limene adzakakonze adzabwerera kwawo, chifukwa ndi umboni wokhawo woti bamboyu anasokonezekapo mutu chifukwa cha munthu. Anafotokoza fungo la mafuta a makina, mmene mayiyo ankalankhulira mapini ali pakamwa, mmene ankamutchulira kuti bambo a matabwa akafuna kumupempha kanthu. Ananena zoipa zomwe: kuti anakhalapo sabata osamulankhula chifukwa cha nsanje ya nyimbo, ndipo mayiyo ankangomuikira madzi osamba osafunsa kanthu. Mlamuyo ankabwereza chilichonse chapansipansi, milomo ikuyenda ngati mwana wa sukulu.

Atabwerera mu ofesi muja, nkhungu inali itafika pageti. Anamwino anatambasula manja kuti alandire kampandoko, koma Kalipentala anakana. Kanthu kameneka kanalibe msomali ngakhale umodzi, ndipo sikanali koti munthu akathyole ndi phazi. Anakhala pansi n'kukagulula mwaulemu, mwendo umodzi umodzi, monga mmene anakalumikizira. Pathabwa lokhalira panali posalala, pamene thupi la munthu linapukuta zaka zambiri. Anapasisita ndi chikhatho, n'kuika pamakala. Mwendo waufupi anauika pomalizira.

Moto unadzuka wachikasu, wamtali, mpaka bolodi la pakhoma linawala. Khanda linatambasula timanja. Panja nkhungu inabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati ng'ombe yoona chikwapu. Kalipentala anayang'anitsitsa utsi ukutuluka pa kawindo ka mawaya, akutchula dzina la mkazi wake mumtima mobwerezabwereza, ngati kuti kutero kungathandize.

M'mawa mwake anadzuka msana uli wopepuka modabwitsa. Pamapewa pake panali mizere ya chingwe, koma sankadziwa chimene ankanyamula. Mumtima munali dzenje, ngati pamene pazuka dzino, ndipo maganizo ankangobwerera pomwepo osapezapo kanthu.

Mlamu wake anabwera n'kukhala pabenchi moyang'anana naye. Anati, alamu, munali ndi mkazi, ndipo anali mlongo wanga. Analankhula nthawi yaitali, mpaka Anamwino anamanga mbaula n'kuima pakhomo, koma sanamudule. Ananena za shedi, za kansalu kopinda, za mapini, za sabata ya kusalankhula. Kenako anati mayiyo anamuuzapo ali awiri kuti pa amuna onse a mumsewu wawo, wake yekha ndiye ankabwera kunyumba akununkhira mitengo.

Kalipentala anamuyang'ana ndi diso la kumbali. Munthu uyu ankamudziwa kuti sapereka nkhani yopanda mchere.

"Zomalizazo mwawonjezera."

"Mwina," anatero mlamuyo. "Mukafunse kwa ndani?"

Inafika nthawi ya Kalipentala yobweza. Anatsegula pakamwa n'kupeza kuti watsala ndi zochepa: kuti mlamuyo anali ndi gitala, ndipo anthu ankasiya njinga pamsewu. Kupitirira apo kunali mbee. Mlamuyo anati asavutike, zotsalazo anamupatsa kale dzulo m'basi, ndipo iye mwini azisunga yekha.

Ananyamuka dzuwa litakwera pang'ono, Anamwino patsogolo, mbaula ikufuka bwino. Anadutsa pakati pa mabasi akufa n'kulowa mumsewu wopita kumapiri. Dzanja la Kalipentala linkangopita pachifuwa kukakonza chingwe chimene panalibe. Anayesa kuumba nkhope ya mkazi woluma mapini, koma inkatuluka ya Anamwino, kenako ya Amake Mwana, kenako yopanda maso. Anayenda mtunda wautali, mpaka anafulumiza mapazi n'kumupeza mlamu wake.

"Mwendo waufupiwo unali wa mbali iti?"

"Wakumanzere, kutsogolo."

"Mawa ndidzakufunsaninso. Ndione ngati mudzanene chimodzimodzi."

"Muzifunsa tsiku lililonse, alamu," anatero mlamuyo, ndipo anasendera pambali kuti ayende mogundizana mapewa.