Juzi Yosungira Malo

Mayi ake ankadzitama kwa aliyense kuti mwana wawo amakonda sukulu kuposa chakudya. Mtsikanayo ankadzuka kusanache, kusamba madzi ozizira osanyinyirika, n'kuliyatsa liwiro, mpaka anzake anamutcha Kalawire. Mayiwo akanadziwa! Masamu ankamutopetsa ngati wina aliyense. Chimene ankalawirira chinali desiki basi.

M'kalasi mwawo madesiki anali ochepa, ana ali mbwee, ndipo wochedwa ankakhala pasimenti. Panali lamulo limene aphunzitsi sanalikhazikitse koma linkamveredwa kuposa awo onse: ukayala juzi pampando, malowo ali ndi mwini. Ngakhale anyamata ovuta a kumbuyo sankaikhudza. Choncho m'mawa uliwonse Kalawire ankavula juzi yake, kuiyala pambali pake, n'kumanjenjemera pafupi ndi windo losweka, kudikira Dona.

Dona anali mtsikana wofika belu litalira, akuyenda ngati pansi pali minga, akununkhira mafuta a achemwali ake. Akakhala ankati, "Iwe ndiye mnzanga weniweni," ndipo mawuwo ankamufunditsa Kalawire kuposa juzi. Ankanong'onezana, kuseka nsapato za aphunzitsi, koma makamaka kuseka mtsikana wina wofatsa yemwe ankakhala pa katoni pafupi ndi khomo. Ameneyo Dona anamutcha Chitseko. Kalawire ankaseka mpaka misozi, ndipo sukulu inkakoma zedi.

Tsiku lina poweruka kunazizira, Dona n'kubwereka juzi ija. M'mawa mwake mng'ono wake wa Kalawire anadzuka akusanza, mayi n'kumusiyira mwanayo kuti iwo akagule mankhwala. Atamasuka anathamanga njira yonse mtima uli m'mwamba. Sankaopa chilango ayi, ankaopa kuti Dona wake akhala pasimenti.

Atalowa anapeza Dona ali phee pa desiki yakutsogolo, pambali pake juzi ija itayalidwa bwinobwino. Kalawire anatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe.

"Aa, pepa, pali munthu," anatero Dona, dzanja lili pajuzipo.

"Munthu wake ndine. Juziyo ndi yanga."

"Juzi ndi yako, eya, koma wayala ndine. Lamulo ukulidziwa."

Nthawi yomweyo analowa mtsikana wina watsopano, yemwe bambo ake ankamutula pa galimoto mbandakucha popita kuntchito. Iyeyo ndiye anali atagwira desikiyo, ndipo anali atangotuluka pang'ono. Anakhala pamwamba pa juziyo osayang'ana n'komwe.

"Iwe waimawe, khala pansi kapena tuluka!" anakalipa aphunzitsi.

Kalawire anachita manyazi mpaka makutu kutentha. Malo otsala anali amodzi okha, pakhomo paja. Chitseko anang'amba katoni yake pakati n'kumupatsa chidutswa chachikulupo.

Kutsogolo kuja mitu iwiri inagundana, kenako kunamveka kaphwete. Kalawire ankakadziwa bwino kaphwete kameneko, poti dzulo lomweli kankatuluka m'kamwa mwake. Anazindikira kuti akumufunira dzina latsopano, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti tsiku la sukulu ndi lalitali.

"Usadandaule, simenti imazolowereka," ananong'ona Chitseko, maso ali pabolodi. "Chaka chatha wolawira ndinali ine. Juzi yanga inali yobiriwira. Mpaka pano Dona amaivala Loweruka."