Chipewa cha Kamwanapiye

Bambo anga anasiya kuyendetsa basi itachitika ngozi ija. Sanalakwe iwo, ngakhale apolisi anatero, koma mnyamata wa njinga yamoto amene anawalowera kutsogolo anamwalira pomwepo. Kuchokera tsiku limenelo bambo ankangokhala pampando wa pafupi ndi zenera, makatani ali otseka, ndevu zili nyankhalala. Mayi akawapatsa chakudya, ankangochitosatosa.

Ine ndimagwira ntchito pafamase, pogulitsa mankhwala. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa pulogalamu ya pafoni yothandiza anthu amene maganizo awapanikiza. M'menemo muli kamwanapiye kachikasu. Ukachita kanthu kamene yakuuza, kaya kutsegula makatani kapena kusamba, kamwanapiyeko kamadya n'kukula, iwe n'kupata nyenyezi zogulira tizovala take.

Nditawaikira pafoni yawo, bambo anatsonya.

"Mwana iwe, ndi imvi zangazi ndiziweta nkhuku ya m'foni?"

"Ingoyesani, bambo. Kakafa ndi njala mlandu ndi wanu."

Kunena zoona sikafa, koma iwo sankadziwa.

M'mawa mwake ndinapeza makatani ali otsegula.

"Kamalira," anatero osandiyang'ana.

Patapita masiku anameta ndevu. Kenaka anayamba kuyenda mpaka pagolosale ya pakona, akabwera n'kudina foni kuti nyenyezi yawo ilowe. Mayi anagwira pakamwa.

"Ine pakamwa pachita kuuma kukuuzani kuti musambe, inu phee. Nkhuku yangonena kamodzi, mwathamangira kubafa!"

Bambo anamwetulira pang'ono chabe, koma tonse tinaona.

Pa tizovala tija panali kachipewa konga ka madalaivala, ndipo bambo anakafuna zedi. Koma kuti akapate anayenera kuuza munthu mmodzi chimene chikuwalemera mumtima. Anazengereza, nkhope inagwanso. Ine ndinaopa kuti zathera pomwepo.

Loweruka masana anavala jekete nati, "Ndiperekeze."

Tinapita kugalaja kwa mnzawo wakale, makaniko amene aliyense amangowatchula kuti a Sipanala. Tinawapeza ali pansi pa lole, miyendo yokha ikuoneka. Atatuluka, bambo sanadikire n'komwe malonje.

"Achimwene, ndikatseka maso ndimaona nsapato ya mnyamata uja ili paphula. Imodzi yokha."

A Sipanala anapukuta manja pakansanza, nakokera bambo chigubu choti akhalepo. Ine ndinakakhala patayala chapatali. Bambo analankhula nthawi yaitali, ndipo mnzawoyo sanawadule pakamwa ngakhale kamodzi.

Atatha, a Sipanala anati, "Mkazi wanga atamwalira, inenso mutu unaima. Kuchipatala kuli mayi wina wa uphungu, ndi amene anandidzutsa. Lachiwiri ndidzakutengani, ndipo musandiuze kuti mwatanganidwa."

Pobwerera bambo anagula kachipewa kaja tili m'njira. Anandionetsa kamwanapiye katavala, maso awo ali ofiira, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Tsopano amapita kwa mayi wa uphungu uja, ndipo m'mawa amathandiza kugalaja. Chiwongolero sanachigwirebe, ndipo palibe akuwafulumizitsa. Masiku ena amadzuka olemedwa, koma amanena. Mayi ayambiranso kuimba akamachapa.

Dzulo ndikunyamuka kupita kuntchito, anandiitana pakhomo.

"Ukamuthokoze mnzako wa kuntchito uja. Umuuze kuti ndinakwera basi, ndinakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, mpaka m'tauni."

"Munamva bwanji, bambo?"

"Thukuta linatuluka," anatero. "Komanso dalaivalayo sadziwa kusintha magiya."